Dzina limene ndinasainira osaliwerenga

1981, ku ofesi ya maphunziro paboma

Ana anga Yamikani ndi Thoko, za ubwana wanga ndinakuuzani kale mpaka munkathawa pabalaza, choncho pano ndiyambira pa tebulo langa loyamba. Ndinalembedwa ntchito yotayipa makalata mu ofesi ya maphunziro paboma la kwathu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Bwana wanga anali a Nyirenda, munthu wamtali wa kumpoto amene Lolemba sankaseka ngakhale pang'ono. Zipangizo zinkasowa chaka chonse. Riboni ikauma tinkaidontheza inki ya chidindo, kaboni tinkamugwiritsa ntchito mpaka kumaonera dzuwa pakati pake, ndipo mapepala akatha tinkatembenuza mayeso akale n'kutayipa kumbuyo kwake. Koma ngakhale zivute bwanji, a Nyirenda ankafuna kalata iliyonse ikhale ndi makope atatu. Loyamba linkapita kwa mwini kalata, lachiwiri m'fayilo ya munthuyo, lachitatu, la pepala lopyapyala, m'fayilo ya tsiku ndi tsiku imene tinkaimanga ndi chingwe chaka chikatha n'kukaiponya kusitolo, kachipinda kosungiramo katundu wakale wa ofesi.

Tsiku lina kaboni atavuta ndinatayipa makope awiri okha, ndikuganiza kuti bwana saona. Anandiitana. "Mayi Kamwendo, lachitatu lili kuti?" Ndinati kaboni watha, komanso fayilo ya tsiku ndi tsikuyo palibe amene amaiwerenga. Iwo anavula magalasi. "N'chifukwa chake ndimaifuna. Fayilo ya munthu imamera miyendo mwini wake akakhala ndi abale. Iyi palibe angaibe, chifukwa palibe akuikumbukira." Ndinabwerera ku tebulo ndikung'ung'udza chamumtima, n'kutayipanso kalata yonse. Pamwamba pa kalata iliyonse, pafupi ndi nambala yake, ndinkaika zilembo ziwiri za dzina langa kusonyeza kuti wotayipa ndi ine. Ndinkanyada nazo zilembo zimenezo kuposa diresi langa la ukwati.

1992, mlandu wa aphunzitsi a kwaya

M'zaka zimenezo ndinatayipa makalata ambiri osamutsa aphunzitsi, ndipo ena mwa iwo sindinyada nawo. Mphunzitsi akachita zachipongwe kwa mwana wasukulu, makolo ndi akomiti ankakambirana pachibale, mwamunayo n'kupepesa, ofesi n'kumusamutsira ku sukulu ina ya kutali. M'kalatamo tinkangolemba kuti wasamutsidwa malinga ndi zosowa za ntchito. Sukulu yomulandirayo inkamuphera nkhuku osadziwa kanthu. Tonse mu ofesi tinkadziwa, ine ndinkatayipa.

Chaka chimenecho kunabwera mayi wina atayenda pansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje, atagwira dzanja mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri. Anakana kukhala pampando. Anati mphunzitsi wa kwaya ya sukulu, a Lovemore Kadzuwa, ankatsalira ndi mwanayo anzake akaweruka, ati kumuphunzitsa kuimba yekha chifukwa ali ndi mawu abwino, ndipo anamugwiririra. Akomiti anali atamubweretsera kale mbuzi, iye n'kuibweza. A Nyirenda anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatembenukira kwa ine. "Iyi si ya transfer. Tayipani yomuimitsa ntchito, ina ipite kupolisi." Nkhani inalowa m'khoti la majisitireti, ndipo ine ndi amene ndinanyamula fayilo kupita nayo kumeneko masiku atatu. Ndinamuona bwinobwino munthuyo, mnyamata wooneka bwino, wa tayi yofiira, wolankhula mofatsa ngati katekisiti. Anapezeka wolakwa n'kupita kundende. Kalata yomuchotsa ntchito, yokhala ndi nambala ya mlandu wake, ndinatayipanso ine.

Patapita zaka zingapo ndinamva kuti anatuluka ndipo akuphunzitsa pa sukulu ina yolipira mumzinda. Panalibe kaundula woti mwini sukuluyo akafunseko, ndipo ndikukayika ngati anaganiza n'komwe zofunsa. Ndinapukusa mutu, ndinati zachisoni, n'kupitiriza kutayipa. A Nyirenda anali atapuma kale.

2003 mpaka 2016, Dublin

Bambo anu atapeza mwayi wodzachita maphunziro apamwamba kuno, ife tinawatsatira patatha chaka. Inu mukukumbukira kuzizira, ine ndikukumbukira manyazi. Ine mayi amene ndinkatayipira mabwana aboma ndinayamba kukolopa maofesi ku Citywest, ndikudutsa makompyuta ali ndandanda osaloledwa kuwakhudza koma ndi kansalu. Kenaka ndinakachapa zovala kunyumba ina yosungira okalamba ku Dún Laoghaire, kumene ndinaphunzira Chingerezi cha kuno kwa agogo osamva bwino, amene ankandikakamiza kubwereza chilichonse katatu. Mu 2009 holo ya parishi yathu ku Ongar inafuna mlembi, ndipo ndinabwerera ku tebulo. Tsiku loyamba ndinasisita kiyibodi ya kompyutayo ngati ndikulonjera mbale.

Bwana wanga anali Mayi Deirdre, mzimayi wamfupi wothamanga, amene ankamwa tiyi ataima. Muholomo munkachitika zambiri za ana: kalabu ya akaweruka kusukulu, katekisimu, ndi kwaya ya ana a ife a ku Malawi ndi a ku Zambia. Chosowa chachikulu sichinali kaboni ayi, koma anthu odzipereka. Aliyense ankagwira ntchito ziwiri, ndipo munthu akati athandize ana tinkamulandira ndi manja awiri. Koma kuno munthu sangoyamba. Amadzaza fomu yoti apolisi aone ngati ali ndi mlandu, imene tonse timangoti vetting, amabweretsa chikalata cha polisi ya kumene achokera, komanso anthu awiri omudziwa amasaina kuti ndi munthu woyenera kukhala ndi ana. Mafomu onsewo ankadutsa pa tebulo langa.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna muimve kwa ine, osati kwa ena. Mmalawi akangofika kuno sadziwa munthu. Fomu ikufuna womudziwa zaka zingapo, iye wafika mwezi watha. Ndiye ankatani? Ankabwera kwa Mayi Kamwendo. Kwa ife kukana kusainira munthu wakwanu kuli ngati kumukaniza madzi akumwa. Ndinasainira anthu ofuna nyumba, ofuna ntchito yosamala odwala, ofuna kuthandiza ku kwaya, ena nditangowaona kamodzi pa maliro. Pa funso loti mwamudziwa nthawi yaitali bwanji ndinkalemba zaka zisanu, ndikasangalala khumi. Pa funso loti mukudziwa chifukwa chilichonse choti asakhale ndi ana ndinkalemba kuti ayi. Anthu anandipatsa dzina loti Mayi a Mafomu, ndipo ndivomere, linkandikomera. Bambo anu anandichenjezapo kamodzi asanatisiye, kuti cholembera changa chimayenda msanga kuposa maso anga. Ndinawayankha kuti nsanje.

2017, fomu ya pa firiji

Lamulungu lina Misa itatha ndinali kukhitchini ya holo, ketulo ili m'manja, anthu ali pamzere wa tiyi. Kunabwera mayi wina wosamala odwala, amene tinkangomutchula kuti make Ulemu. Anali munthu wachete, wosaphonya mapemphero. "Amayi, tangotisainirani ka reference aka. Ndi ka bambo akunyumba, angobwera kumene. Amadziwa keyboard, ndiye akufuna azithandiza ku choir ya ana." Ndinaika ketulo pansi, n'kutsamiza pepalalo pa firiji. Dzina anali atalemba kale pamwamba. Sindinaliyang'ane. Ndinalemba zaka khumi, ndinalemba ayi, ndinasaina, n'kunyamulanso ketulo. Mafomu ake atafika ku ofesi anali pamulu ndi ena, ndipo ndinangoona kuti malo onse ndi odzazidwa. Vetting inabwera yoyera, poti kuno anali asanalakwe kanthu. Chikalata cha polisi ya kwathu chinalinso choyera.

Patatha miyezi iwiri Abambo Matiyasi, wansembe wa kwathu amene ankatichitira Misa ya Chichewa kamodzi pamwezi, anaimiritsa bambo wina wa imvi kutsogolo. "Ana athu apeza mphunzitsi. Tiwalandire a Lovemore Kadzuwa." Anthu anaomba m'manja. Ine zala zanga zinayamba kuyenda zokha pa chikwama, kutayipa dzinalo, mutu usanakumbukire kumene ndinalimva. Kenaka anayamba kulankhula, mofatsa muja, ndipo ndinaiona tayi yofiira ija ngakhale tsikulo anavala juzi. Iye sanandizindikire. Ndani amakumbukira mayi wonyamula fayilo?

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaimirira pomwepo, koma ndinakhala chete masabata atatu. Kuti ndinene za iye ndinayenera kufotokoza chifukwa chimene siginecha yanga inali pa fomu yake, pansi pa bodza la zaka khumi. Ndikanena za fomu imodzi, Mayi Deirdre akanatsegula kabati yonse. Ntchito imeneyo ndi imene inkatisunga, bambo anu kulibe, iwe Thoko uli ku koleji, ine kwatsala zaka zisanu ndi ziwiri kuti ndipume. Ndinkadziuza kuti papita zaka makumi awiri ndi zisanu, munthu amasintha, komanso ku kwaya kumakhala akuluakulu awiri nthawi zonse. Ndinayamba kutsalira Loweruka muholo ngati ndikusanja mapepala, diso lili pa iye. Ndinkaganiza kuti ndingakhale mlonda wa ana makumi awiri ndili ndekha, popanda wina kudziwa.

Lamulungu la sabata yachitatu Mayi Lungu, mnzanga wa ku Chipata, anandikoka dzanja pakhomo la tchalitchi, nkhope ili ngwee. Mwana wawo Pempho anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ine ndi amene ndinamunyamula pa ubatizo wake. "Amayi, mwamva? Ba Kadzuwa asankha Pempho. Akuti ali na talent, azimuphunzitsa keyboard yekha ku nyumba kwao. Ayamba pa Wednesday, half four." Ndinafunsa ngati make Ulemu adzakhalepo. "Awo amakhala ku shift, koma si vuto, ni munthu wa church. Nanga si ndimwe munawasainira?"

Mawu omalizawo ndi amene anandidzutsa. Mayi ameneyu sankakhulupirira apolisi kapena fomu, ankakhulupirira ine. Ndinamuuza kuti Pempho asapite, ndidzafotokoza mawa, ndipo anandiyang'ana ngati ndamulanda chinthu. Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya Mayi Deirdre n'kutseka chitseko. Ndinayamba ndi mlandu wa mu 1992, kenaka ndinawaikira fomu ija patsogolo. Anawerenga, n'kundiyang'ana. Kanali koyamba kuwaona atakhala pansi ndi kapu ya tiyi.

"Felista, apa mwalemba kuti mwamudziwa zaka khumi."

"Ndamudziwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Koma posaina sindinadziwe kuti ndikusainira iye. Sindinawerenge dzina."

"Alipo angati ena amene munawasainira chonchi?"

"Sindinawerengepo."

Tinatsegula kabati tonse awiri. Tinapeza mafomu makumi anayi ndi imodzi okhala ndi dzina langa, ndipo mwa anthu amenewo amene ndinkawadziwadi sankakwana khumi. Mayi Deirdre sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anaimbira foni mayi woyang'anira chitetezo cha ana m'dera lathu, anaimbira Abambo Matiyasi, anaimbira Mayi Lungu. Dzuwa lisanapendeke a Kadzuwa anauzidwa kuti ayambe aima pa zonse zokhudza ana mpaka nkhani ifufuzidwe. Ine ndinauzidwa kuti ndisiye makiyi, ndikadikire kunyumba mpaka komiti idzagamule za ntchito yanga. Ndinakwera basi masana, nthawi imene sindinkakhala pamsewu, ndili ndi mantha ndi mpumulo pamodzi. Lachitatu Pempho anakhala kunyumba akulira chifukwa cha kiyibodi.

Masabata asanu ndi limodzi kunyumba

Anthu makumi anayi aja analandira makalata oti apeze owasainira ena, ndipo mudzi wathu wa ku Dublin unatentha. Akuluakulu atatu a bungwe lathu la Amalawi kuno anabwera kunyumba, motsogozedwa ndi a Phiri, tcheyamani. Iwe Yamikani ukukumbukira, unawatsegulira chitseko n'kuthawira kuchipinda. Anakana tiyi.

"Amayi, mwatiyalutsa kwa azungu," anatero a Phiri. "Tsopano form iliyonse ya Mmalawi aziiyang'ana kawiri. Nkhani ngati iyi timayamba takambirana tokha. Tikanamuitana munthuyu, kumuuza mwakachetechete kuti asiye choir, mwina asamukire ku Cork kapena ku Galway, basi."

"Ndiye kuti transfer," ndinatero.

"Tchulani mmene mungatchulire."

"Bambo Phiri, makalata a transfer ndatayipa okwana pa moyo wanga. Ku Cork kulibe ana?"

Anati munthu analangidwa kale, Mulungu amakhululuka, nanga ine ndine ndani. Ndinati kukhululuka ndamukhululukira, adye nafe, apemphere nafe, koma ana asawayandikire, monga munthu amene anasiya mowa sitimupatsa ntchito yosunga bala. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali ife tonse ndi manyazi athu. Anatuluka osatsanzika bwino.

Amayi nawo sanandisiye. Iwo anakwiyira mbali ina. Mayi Lungu atamva zonse anafuna kuika chithunzi cha a Kadzuwa pa gulu lathu la pafoni ndi pa magulu onse a Amalawi ndi Azambia mpaka ku England. "Kuno ma police ali na list ya anthu monga uyu, koma amaibisa mu drawer," anatero. "Ise makolo sitiiona. Ndiye tipange yathu." Ndinamumvetsa, chifukwa mwana amene anatsala pang'ono kulowa m'nyumba ija anali wake. Koma ndinakana. Ndinati pakali pano tili ndi mawu a mayi mmodzi amene wangovomera kumene kuti amasaina mabodza. Tikaika chithunzi, mwamunayo atitengera kukhoti n'kupambana, kenaka adzayenda ndi chigamulo chonena kuti anamunamizira. Komanso Ulemu, mwana wake wa sitandade yachitatu, amapita kusukulu limodzi ndi ana athu. Mayi Lungu anandiuza kuti ndikuteteza mfiti. Motero sabata imodzi ndinali woyalutsa Amalawi kwa abambo, ndiponso woteteza mfiti kwa amayi, ndipo foni yanga, imene kale sinkapuma, inangoti zii.

Kenaka kunabwera kalata ya loya wa a Kadzuwa. Inati iwo sanaimepo m'khoti lililonse, chikalata cha polisi chikuchitira umboni, ndipo ndikapanda kubweza mawu anga ndidzayankha mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Mayi woyang'anira chitetezo cha ana uja anandiuza mosabisa kuti popanda pepala, zimene ndanena zikhala zovuta kuziimiritsa. Ndinatuma mng'ono wanga Esnati, amene anatsala kwathu, ku ofesi yanga yakale. Anamuuza kuti fayilo ya a Kadzuwa inasowa kalekale. Kukhoti anati popanda nambala ya mlandu sangafufuze m'mabuku a zaka zonsezo. Ndinakhala pakhonde la nyumba yathu ku Ongar, manja ali m'masaya, ndikuona ntchito ikupita, dzina likupita, ndipo munthu uja akubwerera ku kwaya atapepesedwa.

Ndi Esnati amene anandipezera nambala ya mdzukulu wa a Nyirenda. Ndinali ndisakudziwa ngati a Nyirendawo ali moyo. Mdzukuluyo anawapatsira foni, ndipo mawu anali ofooka koma ukali uli womwe uja. Nditafotokoza, anandifunsa funso limodzi.

"Mayi Kamwendo, munatayipa makope angati?"

"Atatu, bwana."

"Ndiye mukulira chiyani? Tumani munthu kusitolo."

Esnati anapempha chilolezo kwa bwana wa pa nthawiyo, mayi wachifundo amene anamupatsa kiyi ndi tsache. Anakhala masiku awiri m'fumbi, akumasula mitolo yomangidwa ndi chingwe, akundinyoza pafoni kuti ndimugulire mapapo atsopano. Tsiku lachiwiri masana chithunzi chinalowa m'foni yanga. Linali pepala lopyapyala, lachikasu, chiswe chitadya m'mphepete monse. Koma pakati panali dzina lonse, chifukwa chomuchotsera ntchito, nambala ya mlandu, ndipo pamwamba pake zilembo ziwiri za dzina langa. Ndinaseka ndekha m'khitchini mpaka misozi. Ndi nambala imeneyo akhoti anapeza chigamulo m'buku lawo tsiku lomwelo, n'kupereka kope lokhala ndi chidindo. Ndinalipereka kwa mayi woyang'anira uja, iye n'kulipititsa kwa apolisi. Loya sanalembenso.

Zimene aboma la kuno anachita ndi a Kadzuwa sindinauzidwe zonse, ndipo sizinali zanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti nkhaniyo tsopano inalembedwa pamalo pamene aliyense wofuna kuwapatsa ntchito ya ana, kaya ku Cork kaya ku Galway, adzaipeza akangofunsa. Make Ulemu anabwera kunyumba kamodzi. Anaima pakhomo, sanalowe. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, koma anangoti, "Amayi, ndakhala nawo zaka fifteen. Abale awo onse ankadziwa, ankhoswe ankadziwa, palibe anandiuza." Ndinangomugwira dzanja. Anatsala kuno ndi mwana wake, ndipo mpaka lero timakhala benchi limodzi.

Anthu amandifunsa ngati mayina a anthu opezeka olakwa pa milandu ya ana aziikidwa poyera kuti aliyense aziwerenga. Masiku ena ndimaganiza ngati Mayi Lungu, makamaka ndikakumbukira mawu a make Ulemu pakhomo paja. Masiku ena ndimaganiza za Ulemu pabwalo la sukulu. Chimene sindikayika n'chakuti kwathu kuyenera kukhala kaundula amene sasowa, woti mwini sukulu, wansembe, ngakhale mkazi wofuna kukwatiwa angathe kufunsako. Chitetezo cha ana sichiyenera kudalira chiswe kuti chasiya pati. Koma ndinaphunziranso kuti kaundula akhoza kukhalapo, dzina lili pamwamba pa pepala, munthu n'kusaina osaliwerenga.

Komiti inagamula kuti ndibwerere kuntchito ndi kalata ya chenjezo m'fayilo yanga. Popeza mlembi ndinali ine ndekha, Mayi Deirdre anachita manyazi kundiuza kuti kalatayo ilibe woitayipa. Ndinati bweretsani. Ndinaitayipa ndekha, makope atatu. Kenaka ndinapempha chinthu chimodzi, kuti andilole kulankhula Misa ya Chichewa itatha. Ndinaima kutsogolo n'kunena kuti Mayi a Mafomu amwalira. Kuyambira tsikulo wobwera kumene aziyamba wathandiza kukhitchini, kukonza mipando, kuimba ndi akuluakulu, kufikira atapezeka anthu awiri omudziwadi. A Phiri anandinyanyala chaka chathunthu. Kenaka mdzukulu wawo atalowa kwaya, anali iwo amene ankabwera ku ofesi kudzafunsa ngati mphunzitsi watsopano wayang'anidwa bwino.

2024, tsiku lotsanzika

Ndinapuma ntchito m'chilimwe cha kuno. Anandikonzera tiyi muholo momwemo, ndipo munaona nokha mmene munadzazira. Mayi Deirdre, amene anali atapuma kale, anabwera n'kulankhula ataima ndi kapu yawo. Mayi Lungu anaphika zitumbuwa zodzaza beseni, poti tinagwirizana kalekale, ngakhale pa nkhani ya chithunzi ija mpaka lero amati ndinalakwa. A Nyirenda anamwalira chaka chotsatira foni ija, koma kope lachikasu lija ndinaliika m'felemu, ndipo mukadzagawana katundu wanga musadzalitaye.

Anthu akubalalika, Pempho anabwera kukhitchini ndi pepala m'manja. Anali atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali kuposa mayi ake, ndipo ankafuna kuyamba kuthandiza ku kalabu ya ana asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Ndinamufunsa m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kuti akufuna womusainira. Ndinapukuta manja, ndinavala magalasi, ndinatsamiza fomuyo pa firiji yomwe ija. Ndinawerenga dzina lake mokweza, lonse, mpaka la pakati limene amadana nalo. Ndinawerenga tsiku lobadwa ndi adiresi. Iye anayamba kuseka. "Agogo, munandinyamula pa ubatizo, mukuwerenga chiyani?" Ndinati akhale chete, ndili pantchito. Pa funso la zaka ndinalemba khumi ndi zisanu ndi zitatu. Pa funso linalo ndinalemba kuti ayi, n'kusaina pang'onopang'ono.

Mayi ake sanamuuze zonse za chaka chija, ndipo tinagwirizana kuti adzamuuze okha akadzaona nthawi. Akupinda fomuyo anayang'ana kiyibodi imene ili pakona ya holo, n'kundikumbutsa kuti ndi ine ndinamulepheretsa maphunziro ake, akanakhala katswiri pofika pano. Wakhala akundidandaulira zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamupatsa chitumbuwa, n'kumusiya adandaule.